Mjigo umodzi, midzi itatu: kasamalidwe kake kuti usamafe mu Okutobala

M'midzi yambiri ya ku Lilongwe, kaya ndi kwa Chadza, kwa Kalolo, kwa Mazengera kapena kwa Kabudula, mudzi sutalikirana ndi unzake. Mudzi ukakula mbumba ina imapatuka, n'kukamanga kuseri kwa munda, pakapita zaka n'kukhala ndi nyakwawa yakeyake. Koma dambo limakhala lomwelo, njira ya kuchigayo yomweyo, ndipo mjigo umakhalanso womwewo. Unakumbidwa m'dzina la mudzi umodzi, akumwapo ndi midzi itatu. Mijigo yotereyi ndi imene imawonongeka msanga, ndipo ikawonongeka ndi imene imakhalitsa osakonzedwa, chifukwa eni mudzi amati athyola ndi obwera, obwerawo amati mjigo uli ndi eni ake.

Yambani ndi kuwerenga, musanakambe za ndalama. Muyezo umene boma limagwiritsa ntchito ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndiye kuti mabanja 50 kapena kupitirirako pang'ono. Tiyerekeze kuti mudzi wa eni uli ndi mabanja 30, woyandikana nawo 25, wachitatu 20. Onse pamodzi ndi mabanja 75. Banja lililonse likatunga zidebe zisanu za malita 20 patsiku, zidebe zonse ndi 375. Chidebe chimodzi, kuphatikiza kutsuka ndi kusenzetsana, chimadya mphindi ziwiri. Apa mjigo ukugwira ntchito maola oposa 12 patsiku, ndipo handulo ikukwera ndi kutsika maulendo oposa 18,000. Labala ya m'kati yokokera madzi imene pa mjigo wa anthu ochepa ikanakhala chaka, apa ikhoza kutha m'miyezi isanu ndi umodzi. Masamu amenewa kawawerengeni pa bwalo anthu onse akumva. Amathetsa mkangano wakuti wathyola ndani, chifukwa aliyense amaona yekha kuti labala yatha ndi ntchito.

Pangano la midzi

Pangano lipangidwe mu Meyi kapena mu Juni, anthu akangokolola, zitsime za kudambo zisanaphwe. Mukadikira Okutobala, pamene mzere wa zidebe wafika kumsewu ndipo mitima yatentha, simumvana. Woitanitsa akhale a Gulupu, popeza ndi amene nyakwawa zonse zitatu zimawamvera. Nyakwawa ya eni mjigo ikaitanitsa yokha, enawo amabwera ngati oitanidwa pa mlandu.

Chinthu choyamba kugamula ndi ichi: mlendo ndani? Wodutsa pa njinga amene wapempha madzi akumwa ndi mlendo, ndipo salipira. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma banja limene limatunga tsiku ndi tsiku, kapena miyezi itatu ya chilimwe chaka chilichonse, lilembedwe m'kaundula ngati banja la pa mjigo, lizisonkha, komanso likhale ndi mawu. Kusonkhetsa anthu popanda kuwapatsa mpando mu komiti ndi kumene kumabala mawu akuti "ndalama zathu akudya."

Komiti ikhale ya anthu khumi, theka kapena kupitirira akhale amayi, chifukwa ndi iwo amene amamva msanga handulo ikayamba kupepuka. Mipando igawidwe m'midzi yonse. Ngati wapampando wachokera kwa eni mjigo, msungichuma achokere kumudzi wachiwiri, mlembi wachitatu. Wapampando ndi msungichuma asakhale a nyumba imodzi kapena a bere limodzi. Amfumu asalowe mu komiti ndipo asasunge ndalama. Si kuwachepetsa ayi. Ndalama zikasowa mlandu umapita kwa iwo, ndiye sangaweruze nkhani imene iwo omwe alimo. Osamalira mjigo asankhidwe atatu, ndipo posankha ganizirani amene sasamuka. Mnyamata amene mawa apita kukasaka ganyu ku Kanengo kapena ku Mchesi amapita ndi luso lake lonse, pamene mayi wa mbumba ya pamudzi mudzamupeza pomwepo zaka khumi zikubwerazi.

Pali ntchito zina zimene zimamwa madzi kuposa banja: kuumba njerwa, kuthirira nazale ya fodya mu Sepitembala ndi Okutobala, kufulula mowa wogulitsa, kumwetsa ng'ombe. Maganizo athu ndi akuti njerwa ndi nazale ziziyendera madzi a kudambo kapena kumtsinje. Ngati kulibiretu kwina, mwini ntchitoyo alipire padera pa mgolo uliwonse, ndipo azitunga masana mzere ukachepa. Maliro okha ndiwo asalipiritsidwe, kaya agwa m'mudzi uti mwa itatuyo, ndipo otungira pamaliro azitsogola pamzere. Nkhalamba zopanda owasamala, olumala ndi ana amasiye okhala okha alembedwe mayina pa bwalo pomwepo kuti sasonkha, kuti pasadzakhale wowanyoza pa mjigo.

Zonsezi zilembedwe m'kope, nyakwawa zitatu zisayine, a Gulupu adinde chidindo chawo, ndipo mudzi uliwonse usunge pepala lake.

Ndalama

Sitikuuzani mtengo pano, chifukwa mitengo sikhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama zosungidwa m'chitini zinatsala zomwezo pamene mitengo ya zipangizo inakwera. Chitani chonchi. Tumani anthu awiri ku sitolo yogulitsa zipangizo za mjigo pa malo a malonda apafupi, monga pa Mitundu, pa Nathenje, pa Nsundwe kapena pa Namitete, ndipo ngati kulibe afike m'tauni. Alembe mtengo wa zipangizo zothera msanga izi, zimene tizifotokoza pansipa: U-seal, O-ring, mabobini awiri, mabushi anayi ndi masentelelaiza ochepa. Mtengowo muwirikize kawiri, popeza mjigo wa midzi itatu ufuna kusinthidwa kawiri pachaka. Wonjezani malipiro a amakanika, thumba la simenti limodzi, komanso ndalama ya rodi imodzi ndi paipi imodzi. Zonsezo gawani ndi chiwerengero cha mabanja osonkha.

Kusonkha kwa mwezi ndi mwezi kumayenda bwino mpaka Disembala, kenako mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, kumaima. N'chifukwa chake ndi bwino kutolera za chaka chonse pakati pa Meyi ndi Julayi, pamene soya, mtedza ndi fodya zagulitsidwa. Wopanda ndalama apereke chimanga kapena mtedza pa muyezo umene bwalo lagwirizana, komiti igulitse. Ndalama zikangokwana, gulani zipangizo zothera msangazo nthawi yomweyo, muzisunge m'chitini chotseka, pamthunzi, kutali ndi palafini ndi makoswe. Zotsala ziikidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba, foni isungidwe ndi wina, nambala yachinsinsi ndi wina. Kubwereketsa ndalama za mjigo ku banki m'khonde kuli ndi phindu, koma gawo lokwanira kuitana amakanika lisatuluke, chifukwa mjigo ukhoza kuima tsiku limene ndalama zonse zili m'manja mwa anthu. Miyezi itatu iliyonse mlembi awerenge zolowa ndi zotuluka poyera, kasinthasintha m'midzi itatuyo, malisiti ali m'manja.

Kuudziwa mjigo wanu

Mijigo yambiri m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev. Unayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pa mjigo wotchedwa Maldev, n'kukamalizidwa ku Kenya, ndipo anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kusintha zothera msanga ndi sipanala imodzi, osazula mapaipi. Umakoka madzi mpaka pa mamita 45.

Pamwamba pali mutu ndi handulo. Handulo imazungulira pa pini yaikulu, ndipo kunsonga kwake kuli pini ina imene imanyamula marodi. Pini iliyonse ili ndi mabushi awiri a pulasitiki. Marodi ndi ndodo zachitsulo za pafupifupi mamita atatu iliyonse, zokolekana mpaka pansi, ndipo zimayenda m'kati mwa mapaipi a pulasitiki a mamilimita 63. Pa rodi iliyonse pali kalabala kotchedwa sentelelaiza koteteza kuti chitsulo chisakhule paipi. Pansi penipeni pali silinda. M'kati mwake mumayenda pulanja, imene ili ndi labala yoizungulira yotchedwa U-seal kunja, ndi bobini, kalabala kotseka ndi kutsegula njira ya madzi, m'kati. Pansi pa pulanja pamakhala futuvavu, yokhala ndi bobini yake ndi kalabala konga mphete kotchedwa O-ring. Pulanja ntchito yake ndi kunyamula madzi, futuvavu ndi kuwagwira kuti asabwerere. Mukamvetsa ziwirizi, matenda ambiri a mjigo muwadziwa musanamasule nati.

Mwezi uliwonse yesani zinthu ziwiri. Choyamba, jigani mpaka madzi atuluke, siyani mphindi 30 popanda wokhudza, kenako werengani kuti mujiga kangati madzi asanatulukenso. Kukapitirira kasanu, madzi akuthawa penapake. Chachiwiri, madzi akuyenda kale, tcherani chidebe, jigani ka 40 mokweza ndi kutsitsa handulo mpaka kumapeto, m'mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kupitirira. Akachepera 10, musadikire kuti uime. Lembani zotsatira m'kope mwezi ndi mwezi, chifukwa kutsika pang'onopang'ono maso sakuona koma kope limakuonetsa.

Zizindikiro zake n'zosavuta. Madzi akamachedwa m'mawa koma akayamba n'kumatuluka bwino, vuto lili pa futuvavu, bobini kapena O-ring yatha, kapena kamchenga kakhala pakamwa pake. Mukasintha izi koma kuchedwa osatha, ndiye kuti paipi yabooka kapena yalekana polumikiza. Madzi akamatuluka ochepa ngakhale mujige mwamphamvu, U-seal yatha kapena bobini ya pulanja. Handulo ikamagwedera cham'mbali ndi kulira chitsulo pachitsulo, mabushi atha, ndipo mukachedwa pini imayamba kudya mutu wa mjigo, chinthu chodula kwambiri. Phokoso lokhula lochokera pansi ndi sentelelaiza yotha kapena rodi yopindika, ndipo mapeto ake ndi bowo pa paipi. Handulo ikapepuka mwadzidzidzi, madzi osatuluka n'komwe, rodi yaduka kapena yalekana ndi inzake pokolekera. Madzi ofiirira m'mawa onunkha chitsulo nthawi zambiri ndi dzimbiri la marodi, ndipo posintha ndi bwino kusonkhera marodi osachita dzimbiri ngakhale ali odula.

Pali chizindikiro china cha mu Okutobala ndi Novembala chimene anthu amachisokoneza ndi kuwonongeka. M'mawa madzi amatuluka bwino, pofika masana amayamba kulavula mpweya, kenako kuima, ndipo mukausiya ola limodzi amabwerera. Apa mjigo ulibe vuto. Madzi apansi atsika, ndipo mukutunga mofulumira kuposa mmene akusonkhanira. Kujiga pouma kumatentha U-seal. Gawani nthawi: mudzi wakutali utunge m'mamawa kuti ayende kusanatenthe, mjigo upume masana, enawo atunge madzulo. Zowonjezera paipi kuti silinda itsike zisiyireni amakanika, amene amayamba ayeza kuya kwa chitsime, chifukwa silinda ikayandikira pansi imakoka matope ndi mchenga.

Kusintha zothera msanga

Ntchitoyi imafuna anthu atatu kapena anayi, sipanala ya mjigo ya 24, ngowe yowedzera futuvavu, chidebe cha madzi oyera, sopo, nsalu yoyera, ndi mitengo iwiri yogoneka pansi yoikapo marodi. Lengezani dzulo lake m'midzi yonse kuti anthu atungiretu. Yambani m'mawa, kuti china chikavuta mukhale ndi nthawi yothamangira kusitolo. Ana akhale patali, ndipo onse ogwira asambe m'manja ndi sopo, popeza chilichonse chimene mukhudze chikubwerera m'madzi akumwa.

Masulani bawuti ya chivundikiro, chotsani chivundikirocho, muchigoneke chagada kuti chikhale mbale yoikamo tizipangizo. Tsitsani handulo kuti chonyamulira marodi chikwere. Masulani manati a pini ya marodi ndi a pini yaikulu, kungowafewetsa osawachotseratu. Lowetsani mpini wa sipanala pa kabowo kamene kali pamwamba pa chonyamulira marodi, kenako kwezani handulo pang'onopang'ono mpaka sipanalayo itakhala pa timipata ta pamutu wa mjigo. Tsopano marodi onse alendewera pa sipanala. Solorani handulo mowongoka, wina atatchinga ndi manja kuti pini ndi mabushi zisagwere m'kati. Zala zisalowe pakati pa handulo ndi mutu.

Kokani marodi, awiri akukoka, mmodzi akugwira ya pansi. Lamulo lake ndi limodzi: musakolole rodi ya pamwamba wina asananene kuti wagwira ya pansi. Marodi akapulumuka amagwa ndi kulemera kwawo konse, ndipo akhoza kuswa futuvavu kapena kulekanitsa mapaipi. Agonekeni pa mitengo ija motsatana monga mwawatulutsira, osawaika padothi. Rodi ya pamwamba inadulidwa molingana ndi chitsime chanu, choncho iyenera kubwerera pamalo pake. Yomaliza imatuluka ndi pulanja.

Mangani ngowe kunsonga kwa rodi, tsitsaninso marodi mmodzimmodzi mpaka mutamva kuti yafika. Zungulitsani pang'ono kuti ikole, kenako kokani. Futuvavu ikazuka mumamva madzi a m'mapaipi akutsika, ndipo katundu amapepuka. Tulutsani zonse.

Tsukani pulanja ndi futuvavu m'madzi oyera. Bobini yakale ikankheni ituluke, yatsopano muinyowetse ndi kuilowetsa monga inakhalira inzake. O-ring ichotseni ndi chala kapena kamtengo, osati mpeni, chifukwa mpeni ukakanda mpata wake madzi azidutsa pomwepo ngakhale labala ili yatsopano. U-seal ili ndi mlomo, ndipo mlomowo uyang'ane kumwamba ngati kapu yolandira madzi. Apa ndi pamene osamalira ambiri atsopano amalakwitsa: akaiika chozondoka mjigo umajigika bwinobwino koma madzi osabwera, ndipo ntchito yonse imayambiranso. Onetsetsaninso kuti yakhala mu mpata wake mozungulira monse, yosapotoka. Yang'anani rodi iliyonse pokolekera, pamene pamayambira kutha, ndipo sentelelaiza yodyeka mbali imodzi isinthidwe.

Pobwezera, tsukani rodi iliyonse musanaitsitse. Ngati alangizi a zaumoyo akupatsani madzi a klolini, tsukirani amenewo. Futuvavu itsogole, pulanja ndi marodi zitsatire, ndipo zikafika pansi kanikizani pang'ono kuti futuvavu ikhazikike pampando pake, osamenya. Lendeweretsaninso marodi pa sipanala, ikani mabushi atsopano pa mapini, timano take tilowe m'timipata take, bwezerani handulo, chotsani sipanala, mangani manati mofanana mbali zonse. Mabushi asapakidwe girisi kapena oilo. Anapangidwa kuti aziyenda ouma, ndipo mafuta amangokola fumbi limene limawadya ngati tupa. Jigani mpaka madzi ayere, kenako bwerezani mayeso awiri aja ndi kulemba tsiku ndi zimene mwasintha.

Paipi yobooka, paipi yolekana, marodi ogwera pansi ndi silinda yokandika si ntchito ya komiti. Kuzula mapaipi kumafuna kudula ndi kumata ndi guluu wake, ndipo paipi ikapulumuka chitsime chonse chikhoza kutayika. Itanani amakanika a m'dera amene anaphunzitsidwa, ndipo ngati simukuwadziwa funsani alangizi a zamadzi kapena ku ofesi ya zamadzi ya boma la Lilongwe. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, osamalira mjigo akhalepo akuonerera, ndipo zipangizo zakale zitsale m'manja mwa komiti.

Pabwalo pa mjigo

Chitsime chakuya chimatetezedwa ndi simenti ya pamwamba. Ikang'aluka, kapena tsinde la mjigo likayamba kugwedera, madzi a matope ndi ndowe amatsika m'mbali mwa paipi n'kukalowa m'madzi akumwa. Mng'alu waung'ono ukulitseni pang'ono ndi tchizulo, tsukani, nyowetsani, matani ndi muyezo umodzi wa simenti pa miyezo itatu ya mchenga wa kumtsinje, ndipo muzithirira masiku asanu ndi awiri. Ngalande isesedwe tsiku lililonse, ndipo kumapeto kwake kukhale dzenje lodzaza miyala, kapena madziwo apite ku nthochi ndi masamba zimene komiti ingagulitse. Chimbudzi, khola ndi dzenje la zinyalala zisayandikire mamita 30, makamaka kumtunda kwa mjigo. Mpanda ukhale wa njerwa kapena wa mitengo yophuka, ndi khomo limene mbuzi ndi nkhumba sizingadutse. Zovala ndi matewera zichapidwe pa malo ake, kumunsi.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mjigo ukaima m'nyengo ya mvula, midzi itatu yonse imatsikira kudambo tsiku lomwelo, kumene madzi osefukira asakaniza zonse. N'chifukwa chake kusintha kwachiwiri kwa zipangizo kuchitike mu Novembala mvula isanakhazikike, ndipo tsiku lililonse limene mjigo waima komiti ikapemphe klolini kwa alangizi a zaumoyo, igawe m'midzi yonse itatu.

Kusesa kugawidwe sabata ndi sabata, mudzi ndi mudzi, mayina atalembedwa. Ana aphunzitsidwe kujiga mokweza ndi kutsitsa mpaka kumapeto koma osamenyetsa handulo, chifukwa kujiga kwafupikufupi kothamanga ndi kumene kumadula marodi, ndipo kulendewera pa handulo kumatha mabushi. Kumene kuli akuba zitsulo, mjigo utsekedwe usiku ndi unyolo ndi loko. Makiyi akhale atatu, mudzi uliwonse yakeyake, m'manja mwa banja limene lili pafupi ndi njira ya ku mjigo ndipo silidandaula kugogodedwa usiku pakagwa maliro, matenda kapena moto.